Kamakina Kolonda Mtima Usana ndi Usiku

Mtima wa munthu wamkulu umagunda pafupifupi nthawi 100,000 pa tsiku limodzi. Koma makina a ku cipatala olemba kagundidwe kace amaumvera kamphindi cabe, munthuyo atagona pakama. Tsono alipo matenda ena a mtima amene ali ndi cizolowezi ca mbala: amadza munthu ali pa nchito kapena ali m'tulo, ndipo pofika kwa dotolo apita kale. Motero wodwala amabwerera kwao atauzidwa kuti ali bwino, cikhalireco nthenda iripo.

Amene anayamba kuthetsa bvuto limeneli ndiye Norman Holter wa ku Helena, m'dziko la America. Iye anadziwa kuti mtima pogunda umaturutsa timagetsi tating'ono timene tingagwidwe pakhungu la pacifuwa. M'caka ca 1949 analengeza kuti wakhoza kutumiza timagetsi timeneti pa wailesi, munthu alikuyenda. Koma makinawo anali katundu wa mapaundi 85 woberekera kumbuyo. Anthu anzeru anapitiriza kuwacepetsa, kufikira lero asanduka kabokosi kolowa m'thumba la malaya. Wodwala amabvala kabokosiko tsiku limodzi kapena awiri, nagwira nchito zace monga mwa masiku onse, ndipo pambuyo pace dotolo amawerenga zonse zimene mtima unacita.

M'caka ca 2018 kampani ya Apple inaturutsa wochi ya pamkono yocita nchito yofanana nayo. Munthu akaikapo cala kwa masekondi 30, wochiyo imalemba kagundidwe ka mtima, ndipo zolembedwazo zingatumizidwe pa foni kwa dotolo wokhala kutali.

Phindu lace nlalikuru. Mtima ukamagunda mosokonezeka, mwazi ungathe kuundana m'kati mwace, ndipo cibuma ca mwaziwo cikakatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu amafa ziwalo kapena kuleka kulankhula. Nthendayi ikadziwika msanga, alipo mankhwala oletsa mwazi kuundana, ndipo bambo amapitiriza kudyetsa banja lace.

Komabe mlonda si sing'anga. Makina awa saciritsa, ndiponso wochi siidziwitsa munthu kuti mtsempha wa mtima watsekeka. Iye wakumva kupweteka kwakukuru pacifuwa, kapena kubanika, asataye nthawi ndi kuyang'ana pamkono, koma athamangire ku cipatala nthawi yomweyo.