Nthiti za Sitima ya Sheraton pa Gombe la Hunstanton

Kum'maŵa kwa dziko la England, m'mbali mwa nyanja yamchere, kuli tauni yaing'ono dzina lake Hunstanton. Kumeneko madzi amadzaza ndi kuphwa kaŵiri pa tsiku, ndipo akaphwa, pamchenga pamaoneka zitsulo zadzimbiri zondandalikana ngati nthiti za nyama yofa kalekale. Zimenezi ndizo zotsala za sitima yotchedwa Sheraton.

Sitimayi idapangidwa m'chaka cha 1907 ku Beverley ndi kampani ya Cook, Welton and Gemmell. Ntchito yake inali yophweka kuinena: kuchoka pa doko la Grimsby, kuguza khoka pansi pa nyanja ya North Sea, ndi kubwerako ndi nsomba. Inkayendera nthunzi ya moto wa malasha.

Nanga sitima ya asodzi ikafunenji kunkhondo? Boma la Britain lidaona kuti sitima zoterezi n'zolimba, zozoloŵera mafunde aukali, ndiponso eni ake ankaidziŵa nyanjayo monga mlimi adziŵira munda wake. Choncho lidatenga mazanamazana a sitima za asodzi. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, Sheraton idathandiza kusamala maukonde achitsulo amene ankatchinga pakhomo pa madoko, kuti sitima za adani zoyenda pansi pa madzi zisaloŵe. Pa nkhondo yachiŵiri adaiikira mzinga, niyamba kulondera m'mbali mwa gombe. Nkhondo zonse ziŵiri idazipulumuka.

Malipiro ake adali omvetsa chisoni. Nkhondo itatha, adaipaka utoto wachikasu, naimangirira m'nyanja ya The Wash kuti ndege zankhondo ziziphunzirirapo kuponya mabomba. Imene idateteza anthu kwa adani idasanduka chandamale cha eni ake omwe.

Koma ndegezo sindizo zidaimaliza. M'mwezi wa Epulo 1947 kudaomba namondwe amene adaimasula pamene adaimangapo, naikankhira kumtunda, mpaka idatsakamira patsinde pa phompho la Hunstanton, lodziŵika ndi miyala yake ya mizeremizere yoyera, yofiira ndi yoderapo. Adayesa kuibwezera m'madzi, koma zidakanika. Pambuyo pake ogula zitsulo adadula mbali zonse za pamwamba, nasiya mimba yokha yokwiririka mumchenga.

Madzi amchere sapatsa chitsulo mpumulo, ndipo chaka ndi chaka nthitizo zimanka zidyeka. Wofuna kuziona ayenera kuyamba wafunsa nthaŵi imene madzi aphwe, ndipo asachedwepo, pakuti m'maola oŵerengeka nyanja imabwerera n'kuziphimbanso.