Mankhwala a malungo amatha bwanji mphamvu? Nkhani ya chloroquine ndi LA

Sabata yatha, ndikuyendera mabanja m'zoni yathu monga wodzipereka pa zaumoyo, mayi wina anandionetsa kapepala ka LA komwe kanatsala ndi mibulu 6. Mwana wawo anadwala malungo, anamwa mankhwala katatu, thupi linazizira ndipo anayamba kusewera. "Yotsalayi ndasungira mchemwali wake, poti mvula yayamba," anatero. Sindinawakalipire. Mzere wa kuchipatala ndikuudziwa kutalika kwake, komanso tonse mumsasa muno tinaphunzira kusataya kanthu. Koma zimene ndinawafotokozera tsikulo ndaona kuti ndizilembe pano, chifukwa timapepala totere tili m'nyumba zambiri.

Akuluakulu mukukumbukira chloroquine, mibulu yowawa ija yomwe ena inkawayabwitsa thupi lonse. Kwa zaka zambiri ndiyo inali mankhwala a malungo mu Africa muno: yotsika mtengo, yopezeka m'kagolosale kalikonse, ndipo inkachiritsadi. Kenaka inayamba kulephera. Tizilombo ta malungo tosamva chloroquine tinayamba kuoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kumalire a Thailand ndi Cambodia, komanso ku Colombia. Pofika 1978 tinali titafika ku Kenya ndi ku Tanzania, ndipo m'zaka za m'ma 1980 tinafalikira chigawo chathu chonse. Ana ankamwa mankhwala bwinobwino koma malungo osatha, magazi n'kumachepa, ena n'kumwalira. Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba kupereka SP, amene ambiri timawatchula kuti Fansidar.

Anthu ambiri amaganiza kuti mankhwala akasiya kugwira ntchito ndiye kuti thupi la munthu lawazolowera. Ayi ndithu. Chimene chimasintha si thupi lanu, koma tizilomboto.

Munthu wodwala malungo amakhala ndi tizilombo mabiliyoni m'magazi mwake, ndipo timaswana masiku awiri aliwonse. Kachilombo kalikonse kali ndi malangizo a chibadwa chake, omwe asayansi amawatcha majini. (Awa si majini oopsa a m'nthano zathu ayi, mawu angofanana.) Poswana, malangizowa amakopedwa kupita kwa ana, ndipo mwa apo ndi apo pamachitika kaphonyo pokopapo. Nthawi zambiri kaphonyoko sikathandiza kanthu, mwinanso kamapha kachilomboko. Koma mwa tizilombo tochuluka chonchi, pamapezeka kamodzi komwe kaphonyo kake kamakathandiza kupirira mankhwala. Pa chloroquine, kusinthaku kunachitika pa jini yotchedwa pfcrt, ndipo kunapatsa kachilomboko mphamvu yotulutsa mankhwala m'kathumba kake kogayira chakudya asanakaphe.

Zotsatira zake mlimi aliyense angazimvetse. Mukamasankha mbewu, mumapatula zitsononkho zazikulu n'kudya zinazo, ndipo chaka ndi chaka m'munda mumachuluka chimanga cha mtundu umene munapatula. Mankhwala nawo amasankha mbewu, koma mobwerera: amapha tizilombo tofooka n'kusiya tolimba. Udzudzu ukaluma munthu uja umatenga totsalato n'kukatipatsa wina. Mankhwala akakhala ochepa m'magazi, monga pamene munthu wasiyira panjira kapena wagula mibulu yachinyengo, tolimba pang'ono timapulumukanso tambiri. Uku ndiko kusintha kwa zamoyo kumene Charles Darwin analemba mu 1859, kungoti apa kukuchitika m'magazi mwa mwana wanu, osati m'zaka mamiliyoni koma m'zaka zowerengeka.

Gawo la nkhaniyi lomwe ine limandisangalatsa kwambiri linachitikira ku Blantyre. Ofufuza a ku College of Medicine pamodzi ndi anzawo a ku University of Maryland ku America anayeza magazi a odwala omwe anasungidwa kuchokera zaka zosiyanasiyana. Anapeza kuti mu 1992, pa odwala 100 aliwonse, 85 anali ndi tizilombo tokhala ndi jini yosamva chloroquine ija. Pofika mu 2000 chiwerengerochi chinali chitatsika kufika pa 13. Kenaka anayesa mankhwalawo pa ana odwala malungo ku Ndirande, ndipo zotsatira zake Miriam Laufer ndi anzake anazisindikiza mu 2006 m'magazini ya New England Journal of Medicine. Chloroquine, yemwe anatayidwa zaka 12 m'mbuyomo, anachiritsa ana 99 pa 100 aliwonse. SP, amene anali mankhwala aboma panthawiyo, anachiritsa 21 okha.

Zinatheka bwanji? Kupirira mankhwala kuli ndi mtengo wake. Kachilombo kokhala ndi jini yosinthika ija kali ngati munthu woyenda ulendo atasenza chishango cholemera. Pankhondo chishango chimamupulumutsa, koma nkhondo ikatha amene alibe katundu amamupitirira. Chloroquine atachotsedwa m'zipatala ndi m'masitolo, tizilombo wamba tomwe tinatsala apo ndi apo tinaswana msanga kuposa tachishango tija, mpaka tinadzazanso dziko.

Apa ndichenjeze, chifukwa ndikudziwa kuti wina awerenga n'kuthamangira kumsika. Zimenezi sizikutanthauza kuti tibwerere ku chloroquine. Tizilombo tosamva mankhwalawa sitinathe padziko, ndipo anthu amayenda, udzudzu nawo sufunsa chiphaso pamalire. Titayambanso kumwa chloroquine mwachisawawa, tachishango tija tingabwererenso. N'chifukwa chake boma la Malawi silinabwerere kwa iye, koma mu 2007 linasintha kuchoka pa SP kupita pa LA, amene ku Zambia ndi ku Mozambique ambiri amamudziwa ndi dzina loti Coartem.

LA ndi mankhwala awiri m'mbulu umodzi, ndipo anawaphatikiza dala. Oyamba, artemether, amachokera ku chomera chotchedwa Artemisia annua. Mphamvu yake anaipeza ndi mayi wa ku China, Tu Youyou, mu 1972, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2015. Artemether amapha tizilombo tambirimbiri mofulumira koma amatha m'thupi m'maola ochepa. Ndiye amene amachititsa kuti mwana adzuke tsiku lachiwiri n'kupempha phala. Achiwiri, lumefantrine, amagwira pang'onopang'ono koma amakhala m'magazi masiku angapo, kusesa totsala. Nzeru yake ndi yakuti kachilombo kopulumuka oyamba kaphedwe ndi achiwiri, popeza n'kovuta kwambiri kuti kachilombo kamodzi kakhale ndi zishango ziwiri nthawi imodzi. Koma kuti lumefantrine akwane m'magazi, pamafunika kumwa maulendo onse 6 m'masiku atatu. Mwana wa mayi aja anamwa theka. Thupi linazizira, inde, koma ntchito yosesa inali isanathe. Ndipo mchemwali wake akadzadwala, nayenso akanadzalandira theka. Ana awiri, onse osachira bwinobwino, onse akuphunzitsa tizilombo kupirira.

Ndikunena izi ndi nkhawa chifukwa zomwe zinachitikira chloroquine zayamba kuonekeranso. Tizilombo tochedwa kufa ndi mankhwala a gulu la artemether tinapezeka kumadzulo kwa Cambodia cha m'ma 2008, dera lomwelija kumene vuto loyamba linayambira. Kuyambira mu 2020 ofufuza atipezanso ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania, ndipo kafukufuku wa majini anaonetsa kuti ta ku Rwanda ndi ku Uganda sitinachite kubwera kuchokera ku Asia, tinasinthira konkuno. LA akuchiritsabe, musachite mantha. Koma akadzatha mphamvu, ena otsika mtengo olowa m'malo mwake ndi ochepa, ndipo ife a m'misasa sitikhala oyamba kuwalandira.

Zochita zake si zovuta. Thupi likatentha, yambani mwayezetsa magazi, chifukwa si kutentha thupi konse kumene kuli malungo, ndipo kumwa LA popanda malungo n'kuwononga. Akakupezani nawo, imwani ulendo woyamba pomwepo, wachiwiri pakatha maola 8, kenaka m'mawa ndi madzulo masiku awiri otsatirawo. Lumefantrine amalowa bwino m'thupi ngati mwadya chakudya cha mafuta, choncho mupatseni mwana phala lothira nsinjiro kapena supuni ya mafuta ophikira, mkaka ngati ulipo, ndipo woyamwa ayamwe. Akasanza atangomwa kumene, bwererani kuchipatala akakupatseni ina yolowa m'malo. Mibulu yogulitsidwa payokhapayokha pamsika, yopanda paketi yake, isiyeni.

Ngati mwamaliza mankhwala onse koma malungo abwereranso pasanathe mwezi, musangogula ena. Pitani kuchipatala ndi kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo muwauze tsiku limene munamwa LA. Azaumoyo ali ndi mankhwala ena a malungo obwerera, komanso zolemba zoterezi ndi zomwe zimawadziwitsa msanga ngati tizilombo ta m'dera lino tayamba kusintha.

Mayi aja tinapita nawo kuchipatala tsiku lomwelo kuti mwana akamuonenso, ndipo mibulu 6 ija tinakaisiya konko.