Mpweya Wobisika Pansi pa Nyumba

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mwera ukamaomba m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mabanja ambiri amagona atatseka zitseko ndi mazenera onse, ena mpaka kutseka timabowo ta mpweya ndi nsanza. Nyumba imafundadi. Koma mpweya wofunda umakwera kudenga ndi kutuluka, ndipo m'malo mwake nyumba imakoka mpweya wina kuchokera m'nthaka kudzera m'ming'alu ya simenti kapena ya pansi pozira. Mpweya umenewu ukhoza kubweretsa matenda.

Kodi mu mpweyawo muli chiyani?

Choyamba ndi radon. M'miyala ndi m'dothi lililonse muli yureniyamu pang'ono, wonga amene adayamba kukumbidwa ku Kayelekera m'boma la Karonga mu 2009. Yureniyamu akamasweka pang'onopang'ono m'nthaka amatulutsa mpweya wa radon. Akuluakulu adati tsoka silinunkha: mpweyawu ulibe fungo ndipo suoneka. Panja umamwazika ndi mphepo, koma m'chipinda chotseka umaunjikana. Mu 2009 bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti radon ndi wachiwiri kwa fodya poyambitsa khansa ya m'mapapo. Mwa anthu 100 odwala khansa imeneyi, pakati pa 3 ndi 14 amaitenga chifukwa cha mpweyawu, ndipo osuta fodya ndiwo ali pa ngozi yaikulu koposa.

Chachiwiri ndi nthunzi ya mafuta ndi mankhwala. Petulo akadontha m'thanki yokwiriridwa pansi amayenda m'nthaka mpaka kufika pansi pa nyumba zoyandikana, ndipo m'petulomo muli benzene, amene amayambitsa khansa ya m'magazi. Kale amisiri ankathiranso aldrin, dieldrin ndi chlordane pa maziko kuti aphe chiswe. Pangano la ku Stockholm la mu 2001 lidaletsa mankhwalawa popeza amakhala m'dothi zaka zambiri osatha mphamvu.

Mmene akatswiri amayezera

Poyamba amapempha eni nyumba kuti atulutse palafini, penti ndi mankhwala a mbewu, kuopa kuti fungo lake lingasokoneze zotsatira. Kenaka amaboola simenti ya pansi kabowo konga chala chachikulu kufikira atapeza dothi. Amalowetsamo kapaipi ndi kumata bwino m'mbali mwake. Pofuna kutsimikiza kuti pamatika, amathira madzi mozungulira kapaipiko. Madziwo akamaphwera, ndiye kuti pali mpata, ayenera kumatanso.

Patapita maola angapo amalumikiza kapaipiko ku botolo la chitsulo limene lidachotsedwa mpweya wonse, ndipo botololo limakoka pang'onopang'ono mpweya wa pansi pa simenti. Amatenganso mpweya wa m'chipinda ndi wa pabwalo m'mabotolo ena, amatseka bowo lija ndi simenti, ndi kutumiza zonse ku labotale.

Nzeru yagona pa kuyerekeza mabotolo atatuwo. Poizoni akapezeka wambiri pansi ndi m'chipinda momwe, gwero lake ndi nthaka. Akapezeka m'chipinda mokha, gwero lake ndi katundu wosungidwa m'nyumbamo. Akapezeka pansi pokha, simenti ikutchingabe ndipo iyenera kusamalidwa kuti isang'ambike.

Radon amayezedwanso ndi kachipangizo kakang'ono kamene amakasiya m'chipinda chogona miyezi itatu kapena kupitirira. WHO imalangiza kuti muyeso wake usapitirire mabekerelo 100 pa kiyubiki mita imodzi, ndipo pamene izi zavuta usadutse 300. Nyumba ziwiri zoyandikana zikhoza kusiyana kwambiri, choncho zotsatira za mnansi sizinena za nyumba ya wina. Kuno ku Malawi nkhani za cheza chotere zili m'manja mwa Atomic Energy Regulatory Authority, bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011.

Zimene banja lingachite

1. Kutsegula mazenera tsiku ndi tsiku, ngakhale nyengo yozizira, ndi kusiya timabowo ta mpweya tili totsegula usiku.
2. Kumata ming'alu yonse ya pansi ndi ya m'mphepete mwa zipupa, ndi kuzira kawirikawiri.
3. Pomanga, kuyala miyala yoswa ndi pulasitiki yochindikala asanathire simenti.
4. Pamene muyeso wakwera, kuika paipi yochokera pansi pa simenti mpaka pamwamba pa denga, monga ya chimbudzi chamakono.
5. Kusamanga pamalo pamene padakwiriridwa mankhwala kapena mafuta.
6. Kuleka kusuta fodya, makamaka m'nyumba.

Fungo la petulo likamveka m'nyumba kapena m'madzi a pachitsime, mwini wake auze mlangizi wa za umoyo tsiku lomwelo. Munthu amene wakhosomola sabata ziwiri, amene akulavula magazi kapena kuonda, apite kuchipatala msanga kuti akamupime. Kupewa kuposa kuchiza.