KASUNGIDWE KA NYIMBO PA KOMPYUTA

M'phunziro la lero tikambirana za kasungidwe kabwino ka nyimbo pa kompyuta ndi pa foni.

Mukatenga buku la kusukulu mupeza kuti pacikuto pace palembedwa dzina la bukulo ndi la mlembi. Kale nyimbo zinalinso cimodzimodzi. Rekodi ya galamafoni, monga Lazy Bones!! imene gulu la WITCH linatulutsa mu 1975, inali kugulidwa m'cikuto ca pepala lolimba, cokhala ndi cithunzi ndi maina a nyimbo zonse. Koma nyimbo ya pa kompyuta, monga ya mtundu wa MP3, iribe cikuto cogwirika ndi manja. Nyimbo zikaculuka, zambiri zingochedwa "Track 01", ndipo simudziwanso woimba wace.

Mu 1996 Eric Kemp anapeza njira yolembera mau ocepa m'kati mwa nyimbo ya MP3. Mau amenewa achedwa tagi, ndipo njirayo ichedwa ID3. Poyamba dzina la nyimbo, la woimba ndi la alubamu linali kuloledwa zilembo 30 cabe. Mu 1998 kunabwera ID3v2, imene ilola maina atali ndiponso cithunzi ca cikuto. Popeza tagi ikhala m'kati mwa nyimbo, ipita nayo kuli konse kumene mwaitumiza.

Tsono kumbukirani malamulo anai awa.

Loyamba: lembani tagi tsiku lomwelo mwalandira nyimbo, musanaiwale. Lembani dzina lace, woimba, alubamu, caka ndi nambala yace.

Laciwiri: lembani dzina la woimba m'njira imodzi nthawi zonse. Kompyuta siganiza monga munthu. Mukalemba "Alick Nkhata" apa, "A. Nkhata" apo, ndi "Nkhata Alick" pena, iyo iyesa kuti awa ndi anthu atatu, ndipo imwaza nyimbo zace m'malo atatu.

Lacitatu: nyimbo zonse za alubamu imodzi zikhale ndi cithunzi cimodzi, ca mbali zinai zolingana. Cisakule kwambiri, cifukwa cilowa m'nyimbo iri yonse ndi kudya malo.

Lacinai: sungani nyimbo zanu m'malo awiri, pakuti foni itha kutayika kapena kuonongeka.

Aphunzitsi, mapulogiramu monga Mp3tag ndi MusicBrainz Picard athandiza pa nchito imeneyi. Picard ifufuza maina ndi zithunzi pa intaneti. Koma nyimbo ya cimtali kapena ya citelele imene mwajambula kumudzi simudzaipeza kumeneko ai. Muyenera kulemba nokha amene anaimba, mudzi wao, mtundu wa gule ndi caka, mutapempha cilolezo cao. Agogo amene aidziwa sadzakhala nafe masiku onse. Mukapanda kulemba, adzukulu anu adzamva liu lokoma osadziwa mwini wace.

ZOCITA

1. Ana inu, funsani makolo anu nyimbo zitatu za kwanu. Lembani m'kope dzina la nyimbo iri yonse, woimba ndi gule wace.
2. Jambulani cithunzi coyenera kukhala cikuto ca nyimbozo.
3. Aphunzitsi, onetsani ana tagi ya nyimbo imodzi pa foni yanu, ndipo muikonze pamodzi nao.

Tsalani bwino mpaka tidzakumanenso m'phunziro likudzali.