Khoko la nachesi ndi star anise: zimakomerana, koma sizilowa mumphika nthawi imodzi

Ku Xinhui, dera la mzinda wa Jiangmen m'chigawo cha Guangdong kummwera kwa China, alimi amalima manachesi chifukwa cha makoko ake. Zam'kati, zomwe ife timathamangira, kumeneko kwa zaka zambiri zinkatayidwa. Chipatso akachithyola amachicheka mosamala kuti khoko litseguke mbali zitatu koma likhalebe lolumikizana pansi. Akatero amaliyanika padzuwa, n'kulisunga zaka zosachepera zitatu asanaligulitse ndi dzina loti chenpi. Khoko likamakalamba limada, limauma gwa, ndipo mtengo wake umakwererakwerera, moti la zaka 20 kapena 30 amaligula ngati chuma chosunga. Chakumadzulo kwa kumeneko, m'mapiri a Guangxi ndi kutsidya kwa malire ku Lang Son m'dziko la Vietnam, kumamera mtengo wa star anise, umene chipatso chake chouma chimaoneka ngati nyenyezi ya nsonga zisanu ndi zitatu. Wophika wa ku Guangdong akamaphika bakha, tsekwe kapena nyama ya nkhumba yonona, zinthu ziwirizi zimakumana mumphika umodzi. Lero zafika mpaka m'timabotolo ta m'masitolo, zoperapera ndi zosakanizasakaniza, zolembedwa kuti ndi zokometsera za mandimu kapena malalanje ndi anise. Kusakanizako n'kwanzeru ndipo kuli ndi chifukwa chomveka. Chimene chili chokayikitsa ndi botololo, chifukwa limasonkhanitsa mu ufa umodzi zinthu ziwiri zomwe pamoto zimafuna nthawi zosiyana.

Umboni woyamba woti si nkhambakamwa chabe ndi kuchuluka kwa anthu amene anafika pa kaphikidwe aka popanda kuonerana. Ku Marseille, doko la kummwera kwa France, msuzi wa nsomba wotchuka wa bouillabaisse amauthira fennel ndi kachidutswa ka khoko la lalanje louma. Pa chilumba cha Sicily, kumene Aluya anafikitsa malalanje owawa zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, amadula lalanje ndi tsinde la fennel n'kuthira mafuta a olivi ndi mchere, chakudya chatha. Ku Sweden, dziko lozizira kumene lalanje silingamere panja, buledi wotchedwa limpa amamukanda ndi njere za anise, za fennel ndi khoko la lalanje lowawa. Ku Mexico, buledi wa pan de muerto amene amadya kumayambiriro kwa Novembala pokumbukira omwalira, amanunkhira lalanje ndi anise. Chochititsa chidwi n'chakuti anthuwa sagwiritsa ntchito chomera chimodzi. Anise ndi kachitsamba ka m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, fennel ndi msuweni wake wa m'banja la karoti, pamene star anise ndi mtengo wa ku Asia umene ulibe ubale wapafupi ndi ziwirizo. Chimene chimazilumikiza ndi mafuta onunkhira otchedwa anethole, omwe zomera zitatuzi zili nawo ochuluka.

Anethole ali ndi makhalidwe awiri ofunika kwa wophika. Loyamba, amatsekemera palilime kuposa shuga nthawi zoposa khumi, kotero kachidutswa kochepa kamapatsa msuzi kutsekemera popanda kuthiramo shuga. Lachiwiri, amakana madzi koma amasungunuka bwino m'mafuta ndi mu mowa waukali. Aliyense amene anaona Mgiriki akuthira madzi mu ouzo, kapena Mfalansa mu pastis, anaona mowawo ukusanduka ngati mkaka: ameneyo ndi anethole akulekana ndi madzi. Khoko la lalanje nalo lili ndi mafuta ake m'timabowo ting'onoting'ono ta pamwamba, omwe aja amathovokera m'maso mukamasenda, ndipo gawo loposa 90 pa 100 la mafutawo ndi limonene, amenenso sakondana ndi madzi. Ndiye mukaziika pa nyama yonona, zonse ziwiri zimathamangira m'mafuta a nyamayo, malo enieni amene muli fungo la chinyama ndi kulemera kumene kumakola msanga. Anise payekha amatsekemera mpaka kutopetsa; khoko limabwera ndi kuwawa pang'ono ndi fungo lopepuka limene limadula kutsekemerako. Khoko palokha pa nkhumba limamveka lopyapyala. Anise amalipatsa pokhazikika. N'chifukwa chake kusakanizaku kumapezeka pa bakha, tsekwe, nkhumba, nsomba zamafuta ndi buledi wa batala, koma kawirikawiri simukupeza pa masamba owiritsa.

Vuto limayamba tikafunsa za nthawi. Anethole ndi wolimba mtima pamoto: amawira pa madigiri pafupifupi 234, ndipo ali wotsekeredwa m'chikhokho cholimba cha star anise, kotero amatuluka pang'onopang'ono kwa ola limodzi kapena awiri. Limonene amawira pa madigiri 176, ndipo timafungo tina ta khoko lofewa, tomwe timachititsa kuti ndimu limveke kuti ndi ndimu, timathawa ndi nthunzi m'mphindi zochepa. Mpweya nawo umaononga limonene, n'kumusiya akununkha ngati mankhwala otsukira pansi. Ophika a ku Guangdong, kuphatikizapo a mumzinda wa Chaozhou, amadziwa zimenezi ndi manja awo. Mu lou seoi, msuzi wakuda wa soya, shuga wa miyala, vinyo wa mpunga ndi zonunkhiritsa, umene malo ena odyera amausunga ndi kuuwonjezera kwa zaka, amaikamo star anise wathunthu ndi chenpi wathunthu kuyambira pachiyambi, chifukwa khoko lokalambalo linataya kale fungo lothamanga n'kutsala ndi lozama lomwe limapirira kuwira. Koma khoko lofewa, lopalidwa kumene, limalowa mphika utatsala pang'ono kuphulidwa, mwinanso m'mbale momwe. Mayi aliyense amadziwa kuti nyemba ndi tomato sizilowa mumphika nthawi imodzi ngakhale zidzadyedwe limodzi, ndipo pano ndi chimodzimodzi. Ufa wa m'botolo sukupatsani mwayi umenewo. Mukauthira koyambirira, mbali ya ndimu imapsa n'kuzimiririka, mwatsala ndi anise yekha. Mukauthira kumapeto, anise sanakhale ndi nthawi yolowa m'mafuta, ndipo amakhala pamwamba ngati fumbi lakuthwa. Kuonjezera apo, kupera kumatsegula timabowo tonse nthawi imodzi, kotero ufawo umayamba kutha mphamvu tsiku lomwe waperedwa, usanakwere n'komwe sitima yobwera nawo.

Wina anganene kuti nanga bwanji osangofinyira ndimu, monga timachitira pa kanyenya ndi pa chambo chootcha. Kufinyira ndimu n'kwabwino ndipo palibe chokusiyira, koma madzi a ndimu ndi khoko lake ndi zinthu ziwiri zosiyana ntchito. Madziwo amabweretsa kuwawasa. Fungo lambiri lili m'khoko. Madzi a ndimu akakhalitsa pa nsomba yaiwisi amaiyeretsa ndi kuilimbitsa pamwamba, ndipo akawira nthawi yaitali amataya kukoma kwake. Khoko lilibe asidi wochuluka chotero, kotero limatha kukhala pa nyama usiku wonse kapena kulowa mumtanda wa buledi ndi mumkaka popanda kuudula. Chimene muyenera kusamala nacho ndi gawo loyera la m'kati mwa khoko, lomwe lili ndi kuwawa kwambiri. Ophika a ku Guangdong amaviika chenpi m'madzi mpaka afewe, kenaka amapala choyeracho ndi mpeni asanamuike mumphika. Makampani opera ufa wotchipa sakhala ndi nthawi ya zimenezo.

Dandaulo lina, lomveka ndithu, n'loti anise amanunkha mankhwala a chifuwa. N'zoona kuti mafuta a anise akhala akuikidwa m'mankhwala a chifuwa ndi m'maswiti kwa nthawi yaitali, ndipo amene anakumana nalo koyamba fungoli ali mwana wodwala sangalikonde msanga m'ndiwo. Koma nthawi zambiri cholakwika chimakhala muyezo. Nyenyezi imodzi, zikachuluka ziwiri, n'zokwanira pa kilogalamu ya nyama. Kachidutswa ka khoko louma kotalika ngati chala chachikulu n'kokwanira pamenepo. Pa muyezo umenewo odya ambiri satchula n'komwe anise, amangoti msuziwu ukukoma mwachilendo. Apanso wathunthu amapambana ufa, pakuti mukalawa n'kumva kuti wakwana mumangomuvuula ndi chipande. Ufa ukalowa walowa. Ndipo amene fungoli silimuyanja ngakhale pang'ono ayambe ndi njere za fennel, zomwe n'zofatsa, makamaka zikakazingidwa pang'ono pachiwaya chopanda mafuta.

Sindikunena kuti ufa wosakaniza ulibe malo ake. Achina omwewo ali ndi ufa wa zonunkhiritsa zisanu, wa star anise, fennel, sinamoni, cloves ndi tsabola wa ku Sichuan, ndipo kummwera ena amaikamonso khoko la nachesi. Pa nyama yowotcha, pamene palibe msuzi woti nyenyezi iyandamemo, ufa ndiwo njira yokha: mumaupaka pa nyama pamodzi ndi mchere ndi mafuta pang'ono maola angapo isanapite pamakala. Pa mabisiketi ndi makeke ndi chimodzimodzi. Funso ndi loti ufawo waperedwa liti ndipo muli chiyani. Malamulo a m'maiko ambiri amalamula kuti zolembedwa pa botolo ziyambe ndi chimene chachuluka kwambiri, ndipo m'zokometsera zambiri zotere chimene chimatsogola ndi mchere, kenaka shuga, pamene kuwawasa kumachokera ku citric acid wa kufakitale osati ku chipatso. Mukugula mchere pamtengo wa zonunkhiritsa. Kusinja nokha sikutenga mphindi khumi: masupuni awiri a njere za fennel zokazinga, nyenyezi imodzi, supuni imodzi ya khoko louma lopalidwa, m'kamtondo ka kukhitchini. Sinjani zokwanira milungu iwiri kapena itatu, musathiremo mchere kuti muziuyeza panokha, ndipo pophula mupalirepo khoko la ndimu lofewa kuti libwezeretse fungo limene moto wadya.

Pali chifukwa china, chachikulu kuposa kukoma, chogulira star anise wathunthu kwa wogulitsa wodalirika. Mtengowu uli ndi m'bale wake wa ku Japan, Illicium anisatum, amene chipatso chake chimafanana kwambiri ndi chodyedwacho koma chili ndi poizoni wotchedwa anisatin, yemwe amayambitsa kusanza ndi kukomoka mophiriphitha. Ku Japan amachifukiza ngati lubani, sachidya. Mu Seputembala 2003 bungwe la FDA la ku America linachenjeza anthu kuti asamamwe tiyi wa star anise anthu pafupifupi 40, kuphatikizapo makanda, atadwala, ndipo chokayikiridwa chinali kusakanikira kwa mitundu iwiriyi. Ngakhale zili zathunthu n'zovuta kuzisiyanitsa ndi maso, zikaperedwa n'zosatheka. Chifukwa cha ichi makanda asamapatsidwe madzi a star anise ngati mankhwala a m'mimba. Tisanyengekenso ndi nkhani yoti amachiza chimfine. Chimene chili choona n'chakuti kampani ya Roche inkatenga shikimic acid mu star anise popanga mankhwala a chimfine otchedwa Tamiflu, moti mu 2005, mantha a chimfine cha mbalame atakula, chipatsochi chinasowa pamsika. Koma kuchoka pa shikimic acid kufika pa piritsilo pali ntchito yaitali ya mu labotale imene mphika wa pambaula sungachite.

Kuno kwathu, theka la zosakanizazi timalipondaponda pamsewu. M'miyezi yozizira manachesi a ku Mwanza amadzaza misika ndi m'mbali mwa msewu wopita ku Zobue, ndipo makoko ake amathera m'ngalande, pa nyengo yomwe kuli dzuwa ndi mphepo youma yoyenera kuyanika. Sadzakhala chenpi wa ku Xinhui, amene amachokera ku mtundu wakewake wa nachesi ndi dothi lakelake, koma khoko lopyapyala la nachesi yakupsa limauma bwino. Litsukeni chipatso chisanasendedwe, liyanikeni pa lichero choyeracho chitayang'ana kumwamba mpaka lizithyoka mukalipinda, ndipo muliike m'botolo louma lotsekeka. Likagwira chuku ngakhale pang'ono, tayani. Malalanje onyezimira a m'masitolo akuluakulu nthawi zambiri amakhala opakidwa phula ndi mankhwala oletsa kuola, kotero pa ntchito ya khoko chipatso cha kumudzi chimapambana chakunja. Njere za fennel ndi star anise zimapezeka m'masitolo a zonunkhiritsa a amwenye, amene amazigwiritsa ntchito mu biryani ndipo njere za fennel amazitafuna akamaliza kudya. Malire ake akhale omveka: nkhwani wotendera, therere ndi usipa wa tomato sizikusowa kanthu kuchokera ku Guangxi, ndipo anise angangoziononga. Nthiti za nkhumba, bakha amene ambiri amamukana chifukwa cha fungo, ndi kampango wonona ndizo zoyenera kuyesera. Pa bakha mmodzi, kazingani anyezi ndi jinja m'mafuta ake omwe, ponyanimo nyenyezi ziwiri ndi khoko louma la theka la nachesi, thirani madzi, ndipo muvuule nyenyezizo pakatha ola limodzi nyamayo izipitiriza kufewa.