Mayeso a sayansi ku Mutare: wophunzira alembe zimene maso ake aona

MUTARE, Zimbabwe - Buku lililonse la sayansi la ku sekondale limanena kuti madzi amawira akatentha kufika madigiri 100. Koma wophunzira wa mu mzinda wa Mutare, kum'mawa kwa dziko la Zimbabwe, akaviika thermometer m'madzi owira amapeza madigiri pafupifupi 96. Chifukwa chake n'chakuti mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kumalo okwera mpweya supanikiza madzi kwambiri. Mnzake wa ku Beira, m'mphepete mwa nyanja ku Mozambique, ndi amene angapeze nambala ya m'bukuyo.

Kusiyana kwa madigiri anayiku kukusonyeza pomwe pamagona vuto m'mafunso a zoyesera ndi zojambula. Wophunzira amene analoweza buku amafafaniza 96 n'kulemba 100, poganiza kuti chipangizo chalakwitsa. Chonsecho funso limakhala litamuuza kulemba zimene wawerenga pa chipangizocho.

Mayeso a Fomu 4 m'dziko la Zimbabwe amayendetsedwa ndi bungwe la ZIMSEC, lomwe linatenga udindowu kuchokera ku bungwe la Cambridge la ku Britain m'zaka za m'ma 1990. Kwa nthawi yaitali ophunzira ambiri ankalemba phunziro la Integrated Science, lomwe mafunso ake a zoyesera ankayankhidwa papepala pokha. Ndondomeko ya maphunziro imene inayamba mu 2017 inabweretsa phunziro la Combined Science, lomwe lili ndi pepala lofuna kuti wophunzira agwire yekha zipangizo. Ku Malawi, bungwe la MANEB nalo limayesa zoyesera pa mayeso a MSCE m'maphunziro a Biology, Chemistry ndi Physics.

Sukulu sizifanana. Sukulu zakale monga Mutare Boys' High, Hartzell ya ku Old Mutare ndi St Augustine's ya ku Penhalonga zakhala zikuphunzitsa sayansi kwa zaka zambiri, pomwe sukulu zochuluka za kumidzi zinatsegulidwa dzikoli litalandira ufulu mu 1980, zambiri zopanda labotale. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1980 kunayambika ntchito ya ZIM-SCI, yomwe inkapereka mabokosi a zipangizo zotsika mtengo kuti ana aziyesera m'kalasi wamba. Nzeru imeneyo ikadali yothandiza: mbewu ya nyemba, botolo, chingwe, mwala ndi wotchi n'zokwanira kuphunzitsa mwana kuyeza, kubwereza ndi kulemba zotsatira.

Chofunika kwambiri pokonzekera ndi kudziwa chifukwa cha chochita chilichonse. Chitsanzo chodziwika ndi choyesera ngati tsamba lili ndi starch. Chomera chimaikidwa mumdima kwa masiku awiri kuti starch yakale ithe. Tsamba limaviikidwa m'madzi owira kuti life, kenaka mu ethanol wotentha kuti mtundu wobiriwira uchoke. Ethanol amagwira moto msanga, choncho satenthetsedwa pa lawi koma chubu chake chimaimikidwa m'madzi otentha. Pomaliza amadonthezapo ayodini, ndipo pamene pali starch pamada mobiriwirako ngati inki. Ofunsa mayeso amakonda kutola chimodzi mwa zochitazi n'kufunsa cholinga chake. Amene analoweza mndandanda wokha amathedwa nzeru pamenepo.

Palinso kusiyanitsa zimene zaoneka ndi tanthauzo lake. Funso likati afotokoze zimene waona, yankho ndi lakuti madzi a laimu ayera ngati mkaka. Kunena kuti muli mpweya wa carbon dioxide ndi yankho la funso lotsatira. Malikisi ambiri amatayika chifukwa chosakaniza ziwirizi.

Pa zojambula, ochonga mayeso safuna luso la mmisiri. Amafuna chithunzi chachikulu, chojambulidwa ndi pensulo yosongoka, cha mizere yosadukiza komanso chosadetsedwa ndi mithunzi. Mizere ya maina imalembedwa ndi rula, siyenera kupingasana, ndipo imafika ndendende pa chiwalo chimene chikutchulidwa. Wophunzira akapatsidwa duwa lokhala ndi timasamba tinayi, ajambule tinayi, ngakhale la m'buku lili ndi tisanu. Akafunsidwa kuti chithunzi chakula kangati, agawe utali wa chithunzi ndi utali weniweni wa chinthucho: mbewu ya mamilimita 12 ikajambulidwa mamilimita 60, yakula kasanu.

Zithunzi za magetsi zili ndi zizindikiro zake zimene sizisintha. Ammeter imalumikizidwa mumzere womwewo umene magetsi akuyenda, pomwe voltmeter imalumikizidwa mbali ziwiri za chipangizo chimene chikuyezedwa. Pa graph, chinthu chimene woyesera akusintha dala chimaikidwa pa mzere wogona, chimene akuyeza pa mzere woimirira, ndipo yonse iwiri imalembedwa dzina ndi muyezo wake. Nambala yopanda muyezo, monga 25 yosanena ngati ndi masekondi kapena masentimita, siuza wochonga kanthu.

Mapepala a mayeso a zaka zapitazo amathandiza, koma kokha ngati wophunzira akuwayankha pa nthawi yoikika, atagwira pensulo ndi rula, osati kuwawerenga ngati nyuzipepala. Kumene zipangizo zilipo zochepa, vuto lodziwika n'lakuti m'gulu la ana khumi mmodzi kapena awiri ndi amene amagwira chilichonse, ena n'kumangoonerera. Pa tsiku la mayeso aliyense amaima yekha, ndipo mwana amene sanayambe waweramapo kuti diso lake lilingane ndi pamwamba pa madzi m'chubu choyezera amayamba kuphunzira zimenezi wotchi ikuyenda.