Navaratri: Masiku 9 Ochereza Durga

Mvula ikamakata ku India, chakumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala, Ahindu amadikira kuti mwezi wa Ashvin ukhale. Ukangokhala, m'mamawa mwake mabanja ambiri amathira dothi m'mbale yadongo n'kufesamo balere. Pakati pake amakhazikapo mtsuko wamadzi, kukamwa kwake n'kuyalapo masamba a mango ndi kokonati. Kenako amayatsa nyale, ndipo ena amalumbira kuti siizima kufikira mwambo wonse utatha. Kukhazika mtsukoku kumatchedwa Ghatasthapana, ndipo ndiko kumatsegula Navaratri, chikondwerero cha mausiku 9 cholemekeza mulungu wamkazi Durga.

Kwa opembedzawo, mtsukowo si chokongoletsera. Wansembe kapena mkulu wa pakhomo amaitana Durga kuti adzakhale mmenemo, ndipo kuyambira pamenepo pakhomo pali mlendo wolemekezeka. Zonse zotsatira, kusala kudya, kuimba, kuvina ndi kupereka nsembe, ndi ntchito yomuchereza.

Mlendoyu ndi wankhondo. Nkhani yake ili m'buku la Devi Mahatmya, lomwe ndi gawo la Markandeya Purana ndipo lili ndi mitu 13 ndi ndime 700. Chiwanda chotchedwa Mahishasura, chimene chinkasanduka njati, chinagonjetsa milungu n'kuithamangitsa kumwamba. Milunguyo itasowa pogwira inaphatikiza mphamvu zake, ndipo m'kuwala kwake munatuluka mkazi. Shiva anamupatsa mkondo wa nsonga zitatu, Vishnu anamupatsa chida chake chozungulira, phiri la Himalaya linamupatsa mkango woti akwere. Mkaziyu, Durga, ndiye anapha njatiyo. M'masiku a Navaratri anthu amawerenga bukuli mokweza m'makachisi ndi m'nyumba, ena kulimaliza lonse tsiku lililonse.

Kusala kwake n'kosiyana ndi kumene ambiri amakudziwa. Kumpoto ndi kumadzulo kwa India osala amasiya nyama, mazira, mowa, anyezi ndi adyo, komanso tirigu ndi mpunga. Amadya zipatso, mkaka, mbatatesi ndi sabudana, timibulu toyera topangidwa kuchokera ku chinangwa. Ngakhale mchere amasintha, amathira wa m'miyala m'malo mwa wa masiku onse. Alipo amene amangomwa madzi okha masana onse.

Mwambo wogwira mtima kwambiri umachitika tsiku la 8 kapena la 9. Banja limaitana atsikana aang'ono osatha msinkhu, kawirikawiri 9, kuimira maonekedwe 9 a Durga. Akuluakulu a pakhomo amagwada n'kuwasambitsa mapazi, kuwapaka chizindikiro chofiira pamphumi, kuwapatsa tchana, buledi wokazinga ndi zotsekemera, kenako n'kuwaweramira kupempha madalitso. Ku Belur Math pafupi ndi Kolkata, Swami Vivekananda anayambitsa mwambo wotere mu 1901, ndipo ukuchitikabe. M'dziko limene boma linachita kukhazikitsa lamulo mu 1994 loletsa kuyeza mimba pofuna kudziwa ngati mwana ali wamkazi, chifukwa ena ankachotsa mimba zotero, kuona bambo wa imvi atagwadira kamtsikana ndi chinthu cholemera zedi. Mwambowu umadzudzula eni ake omwe.

Ku Gujarat kuchereza kumachitika ndi miyendo. Usiku uliwonse anthu amavina garba mozungulira mtsuko wadongo wobowolabowola wokhala ndi nyale mkati, akuwomba m'manja mpaka pakati pa usiku. UNESCO inaika guleyu pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu onse mu 2023. Amwenye a ku Gujarat anapita naye kulikonse kumene anakakhazikika, ku Leicester, ku Nairobi, ku Lusaka ndi ku Blantyre komwe.

Koma kumene nkhani ya mlendo imamveka bwino ndi ku Bengal, kumene chikondwererochi chimatchedwa Durga Puja. Kumeneko Durga ndi mwana wamkazi wokwatiwa kutali, amene amachoka kwa mwamuna wake Shiva kudzaona makolo pamodzi ndi ana ake anayi, Lakshmi, Saraswati, Ganesha ndi Kartikeya. Kwa miyezi ingapo oumba a ku Kumartuli, kumpoto kwa Kolkata, amamanga mafupa a fano ndi nsungwi ndi udzu, n'kumata dongo la mu mtsinje wa Hooghly. Mwa mwambo, maso amajambulidwa pa tsiku la Mahalaya, tsiku lomwe anthu amadzuka m'mbandakucha kumvera pa wailesi mawu a Birendra Krishna Bhadra akulakatula nkhani ya Durga, pulogalamu imene inayamba m'zaka za m'ma 1930. Mafanowo amaikidwa m'misasa ikuluikulu ya nsungwi ndi nsalu yomangidwa ndi zopereka za anthu a m'dera. Pachimake penipeni ndi Sandhi Puja, mphindi 48 pamene tsiku la 8 likukumana ndi la 9: ng'oma za dhak zimalira, ndipo amayatsa nyale 108 n'kupereka maluwa a lotus 108.

Tsiku la 10, Vijayadashami, limakhala ndi nkhope zambiri. Ku Delhi amatentha zidole zikuluzikulu za Ravana, mfumu ya ziwanda, pokumbukira mmene mulungu Rama anamugonjetsera. Ku Mysuru njovu imanyamula fano la Chamundeshwari, dzina lina la Durga, pa chikondwerero chimene mafumu a Wodeyar anachitenga mu 1610. Balere uja amakhala atamera, ndipo ku Nepal akulu amaika mphukira zake kukhutu kapena m'tsitsi la ana powadalitsa.

Ku Kolkata ndi tsiku loperekeza. Amayi amadyetsa fanolo zotsekemera, amapakana ufa wofiira wa sindoor, ena misozi ili mbwembwembwe, kenako malole amanyamula mafanowo kupita ku Hooghly kukawamiza. Dongo limasungunuka msanga, koma utoto wa masiku ano uli ndi mtovu ndi mankhwala ena owononga madzi. Mu 2020 bungwe la Central Pollution Control Board linatulutsa malamulo oti mafano azipangidwa ndi dongo ndi utoto wachilengedwe, ndipo pa madoko ngati Babughat makina onyamulira katundu amaima chire kuvuula nsungwi ndi udzu fanolo likangomira.